Mmene Ndinaphunzitsira Kompyuta Kusaka Saladi

Zimitsani kaye wailesiyo. Iwe wa magalasi, amene wakhala ukusekera m'kapu chiyambire pamene ndinatsegula pakamwa, tsitsa kapuyo undiyang'ane, chifukwa zimene ndikufuna kunena pano sizili m'laputopu yakoyo ndipo sudzazipeza ngakhale uitembenuze uikutumule. Lero tasonkhana kuno ku Kaunda Square chifukwa mdzukulu wanga Taonga watsiriza kosi yake ya makompyuta, ija mukuti makina amaphunzira okha, ndipo ndakumvani inu anzake mukudzitama kuti nzeru za makina ndi zinthu za dzulodzuloli, zobwera ndi ndege. Bodza! Munthu woyamba kuphunzitsa kompyuta kuganiza mu Lusaka muno ndine, Gelesomu Mwale, mwana wa ku Katete, ndipo ndinachita zimenezi amayi anu asanamere mano. Amene akukayika anyamuke pompano akathandize kutsuka mbale, chifukwa ine ndikayamba sindiima.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene pa chisankho unkasankha pakati pa munthu ndi chule, munthuyo kuimira inde, chithunzi cha chule kuimira ayi. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina ya boma ku Heavy Industrial Area, ndipo kampaniyo itagula kompyuta inafuna anyamata a mitu yabwino oti achite kosi. Wanga mutu sanaufunse nkomwe, anangouona, pakuti chipewa changa ndinkachita kukasoketsa kwa telala wa matenti. Tsono musaganize za kambale aka mumanyamula m'khwapa. Kompyuta imene ndikunena inali yaikulu ngati siteshoni ya Intercity yonse pamodzi ndi mabasi ake, moti ukafuna kuchoka kumene tinkalowetsa funso kupita kumene kunkatulukira yankho unkayamba watsanzika anzako, kunyamula kamba wa pa ulendo ndi kuuza abale kumene wasunga makiyi. Chipinda chake ankachiziziritsa dala, nsapato tinkavula pakhomo, ndipo ntchentche ikalowamo mwangozi inkatuluka ikutsokomola. Mukumva?

Aphunzitsi athu anali a Nyirenda, munthu wamtali wovala jasi loyera ngati dokotala, amene anakaphunzira kunja nabwerako ndi chizolowezi choyankhula ndi mphuno. Tsiku loyamba anatiuza kuti makina onsewa, kukula konseku, amadziwa mawu awiri okha, inde ndi ayi. Anzanga anagwira mitu, koma ine ndinangoti nanga chovuta n'chiyani, si mmene timavotera? Pulogalamu tinkailemba ndi pensulo, kenako tinkaiboola pa makhadi, mzere umodzi khadi limodzi, timabowo tingonotingono, ndipo ukaiwala kadontho kamodzi kokha makinawo ankakulavulira ntchito yako yonse ya sabata osapepesa. Makhadiwo ankayenera kukhala mu ndondomeko yake, ukawagwetsa basi walira. Ine ndinawagwetsa kamodzi pakati pa tauni m'mwezi wa Ogasiti, kamvuluvulu n'kuwatenga onse kuwakweza pamwamba pa nyumba zosanja, ndipo ndinaima pansi manja awiri m'mwamba ndikuwawakha limodzilimodzi mu ndondomeko yake, loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza limene linatsika mawa lake litanyowa ndi mvula ya ku Kabwe. Makina oboolera atawonongeka, ndipo zitsulo zake kunalibe m'dziko monse, kalasi yonse inasiya ntchito koma ine ndinapitiriza kuboola ndi dzino ili, ili lakutsogololi, n'chifukwa chake mukuliona lapendekeka. Ndinkaboola mwaliwiro moti tizidutswa toyera tinkatulukira pawindo ngati matalala, amayi odutsa n'kumatolera m'zitenje poyesa kuti boma layamba kugawa mpunga.

Koma sikuti ndinkadzipha chonchi chifukwa chokonda makhadi. Mtima wanga unali ku Kabwata, kwa mtsikana wina woimba kwaya kutchalitchi kwathu, dzina lake Esinati, amene akaseka ine ndinkaiwala ngakhale dzina la mudzi wathu. Ndinkamukonda, ndikunena poyera, ndinkamukonda mpaka kuwonda. Ankhoswe anali atakumana kale, zonse zinali m'njira, koma vuto linali amayi ake, aNaphiri, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano, mzimayi amene akakuyang'ana kamodzi malaya ako ankadzimanga okha mabatani. Ndipo panali wina, Chanda, mnyamata wa ku Copperbelt woyendetsa lole ya fakitale ya mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Chanda ankavala nsapato zazitali zija ndi thalauza losesa msewu, ndipo Loweruka lililonse ankafika ku Kabwata ndi kabotolo ka saladi m'thumba la jekete, pamene ine ndinkafika ndi nkhani za timabowo. Tsiku lina malume anga, amene anali nkhoswe yanga, anabwera nkhope ili pansi nandiuza uthenga wa aNaphiri: mwana wawo sangakwatiwe ndi nkhuku zowiritsa ngati pamaliro, ndiye mwezi uno usanathe ndipeze saladi yokwana ukwati wonse, apo ayi ndiwasiyire malo anthu amene amadziwa kumene saladi imagona.

Inu ana a masiku ano mumalowa m'sitolo n'kumasankha botolo poona mtundu wa chivindikiro, simungamvetse. Nthawi imeneyo saladi inali ngati mzukwa, aliyense anali ndi mbale wake amene anaiona koma mwini wake ayi. Sopo kulibe, shuga kulibe, m'sitolo munkangokhala mashelefu ndi wogulitsa akusenga zikhadabo. Ndiye tinali ndi lamulo lathu losalembedwa: ukaona mzere wa anthu, ima kaye, kufunsa pambuyo. Munthu ankatha kuima theka la tsiku n'kudzapeza kuti akugulitsa zingwe za nsapato, n'kugulabe. Ukafuna kuchoka pang'ono unkasiya mwala kapena chitini pamalo pako, ndipo mwalawo unkalemekezedwa kuposa mwini wake. Palibe amene ankatuluka m'nyumba wopanda botolo lopanda kanthu m'chikwama, ngakhale wopita kukaikidwa m'manda ankamuikira lake.

Mwamwayi masiku omwewo a Nyirenda anatipatsa ntchito yotsiriza kosi, kuti aliyense alembe pulogalamu yakeyake. Anzanga onse anasankha zowerengera malipiro ndi katundu wa m'nkhokwe. Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndikufuna kuphunzitsa kompyuta kudziwa kumene saladi idzafike. A Nyirenda anaseka mpaka magalasi anachita nthunzi, nati, "Mwale, makina saphunzira. Amachita zimene wawauza, basi." Koma ine ndinali nditaganiza kale. Mwana samuuza malamulo a mmene galu amaonekera, umangomuonetsa agalu ambiri, uyu galu, uyu galu, uyu mbuzi, ndipo tsiku lina amadzaloza yekha. Ndiye bwanji osaonetsa makinawo zitsanzo zambirimbiri mpaka adzaloze okha? Si zimenezo mwaphunzira, Taonga? Ehe, akuvomera! Mwamuona? Ndipo iye walipira sukulu, ine ndinazitola m'mutu mwangamu ndikuyenda pansi kuchokera ku Kabwata.

Poyamba ndinalakwitsa kosankha aphunzitsi. Ndinayenda masitolo onse a mu tauni, Kabwata, Woodlands, mpaka Chelstone, kufunsa ogulitsa za saladi, ndipo yankho lililonse ndinkaliboola pa khadi n'kukadyetsa makinawo. Anadya, anadya, anang'ung'udza, ndipo nditawafunsa kuti saladi ili kuti anasindikiza pa pepala: KULIBE. MUBWELE MAILO. Ndinati chabwino, nanga sopo? KULIBE. MUBWELE MAILO. A Nyirenda anandikankha nalowetsa funso lawo la masiku onse, ziwiri kuphatikiza ziwiri, ndipo makina a boma, ogulidwa kunja, obwera pa sitima, anawauza kuti kulibe, abwere mawa. Anawaopseza kuti awazimitsa, makinawo n'kuyankha kuti BA MANEJA BACHOKAPO. Mukumva? Anali ataphunzira, ndipo anaphunzira bwino kwambiri, kungoti anaphunzira kwa anthu olakwika. A Nyirenda anatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija, thukutalo n'kuuma pamphumi ngati mchere, nandipatsa mpaka Lolemba kuti ndiwabwezere makina awo nzeru.

Pamenepo ndinapita kwa eni ake a nkhaniyi, amayi a m'mizere. Amenewo ankakumbukira zonse: mzere uti unaima pati, kunabwera chiyani, kunali mitambo kapena dzuwa, mkazi wa manejala anaoneka ndi milomo yonyezimira kapena youma, kununkhira kwa zitumbuwa kunachokera mbali iti ya Woodlands, agalu a ku Kabulonga ananenepa sabata iti. Ndinaboola zonsezo, dzino ili mpaka linatentha n'kumafuka utsi, makhadi anadzaza wilibala, anadzaza ina, ndinabwereka ngolo ya ogulitsa makala, ndipo pomaliza ndinagula chitumbuwa chimodzi chokazingidwa mu saladi yeniyeni n'kuchiika pa kabowo kolowera mphepo kuti makinawo adziwe chimene tikusaka. Ndikulumbira, ananunkhiza. Ndinawamva ndi makutu angawa akukoka mpweya, kenako anayamba kuganiza, ndipo poganizapo magetsi a mu Lusaka monse anachita chizirezire, sitima inaima pa siteshoni, mawotchi anabwerera m'mbuyo, madzi a ku Kariba anatsika mpaka ng'ona zinaoneka mawondo, ndiye pepala linatuluka: SALADI. CHELSTONE. LACHINAYI. IMANI PA MZERE.

A Nyirenda anafuna kudziwa kuti makinawo aganiza bwanji, ndiye tinatsatira mapepala ake mpaka tinapeza. Pa zitsanzo zonse zimene ndinawapatsa, panalibe ngakhale chimodzi chimene katundu anafika pamalo popanda mzere. Ndiye makinawo anaona kuti mzere ndiwo umaitana katundu, ndipo Chelstone anaisankha chabe chifukwa kunali malo okwanira oimapo anthu. A Nyirenda anati uku ndi kuganiza chagada, ndipo ndalephera kosi. Koma ndinawaona akutuluka, akusisita m'thumba la jasi kuona ngati botolo lawo lilimo.

Ine ndinauza munthu mmodzi yekha, Esinati, ndipo ndinamulumbiritsa. Esinati anauza munthu mmodzi yekha, amayi ake. Amayi akewo sanauze munthu aliyense, anangopempha amayi a chigwirizano kuti apempherere nkhani ina ya ku Chelstone yokhudza saladi ndi makina a mnyamata wa kwa Mwale. Lachitatu dzuwa lisanalowe ndinakaika mwala wanga pakhomo penipeni pa sitolo ya ku Chelstone, mwala waukulu woti anthu anayi sangaunyamule, ndinaubweretsa m'thumba la malaya. Lachinayi m'mawa ndikufika, mwala wanga uli pomwepo, woyamba, palibe anaukhudza, koma kumbuyo kwake kwenikweni, wachiwiri, ndani? ANaphiri, atavala bulauzi yoyera ya chigwirizano, botolo m'manja.

Tsono inu obadwira m'tauni mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi anu mukulimbirana rimoti, koma kwathu mkamwini saima pafupi ndi apongozi aakazi. Ukawaona akubwera panjira umapatukira kutchire n'kunjuta mpaka adutse. Nanga ine ndikanaima bwanji kutsogolo kwawo, kuwalozetsa msana ndi kumbuyo kwanga tsiku lonse, iwo akupumira m'khosi mwanga? Ukwati ukanathera pomwepo, saladi isanafike n'komwe. Ndinavula chipewa, ndinagwada chapatali, ndinaomba m'manja, n'kubwerera chambuyo mpaka ndinagwera m'ngalande. Ndinasiya malo oyamba mu Lusaka monse chifukwa cha ulemu, n'kuyamba kuyenda kusaka kumene mzere wathera kuti ndikaime kumchira.

Abale anga, mchira wake ndinausaka! Mzere unachoka pa sitolo, unazungulira thanki ya madzi ya ku Chelstone, unatsika msewu waukulu, unadutsa pano pa Kaunda Square pomwe pali tenti iyi, unalowa mu tauni, anthu otsika basi kuchokera ku Chipata ankangoponda pansi n'kulowa mumzere ndi nkhuku zawo ndi mitolo ya nzimbe osapita n'komwe kukapereka moni kwa abale, ukwati wina unatuluka m'tchalitchi n'kulowamo wonse ndi mkwatibwi yemwe, timu ya mpira inasiya mpira uli m'mwamba, ozimitsa moto anaima ndi galimoto yawo ndipo moto umene ankapita kukazimitsa unawatsatira n'kuima kumbuyo kwawo mwaulemu. Aliyense wofika ankafunsa mawu omwewo, "Bagulisa chani?" ndipo woyankha ankati, "Imani chabe, muzaona." Pafupi ndi positi ofesi ndinapeza a Nyirenda, jasi loyera lija, akuyang'ana kumwamba ngati sakundiona.

Ndipo mzerewo unkayenda, apa ndiye mumvetsere. M'sitolo munalibe kanthu, koma a kutsogolo akatopa ankachoka, otsatira n'kusendera, ndipo a kumbuyo poona kusuntha ankakuwa kuti zayamba, akugulitsa! Tsono aja otopa aja, pobwerera kwawo, ankakumana ndi mzere wautali woyenda bwino, anthu ake osangalala, ndiye lamulo ndi lamulo, ankaimanso. Motero mchira unakhota ku Kabwata, unadzera ku Woodlands, unaboola Kabulonga mabwana akusuzumira pa mipanda, mpaka unakagwira mutu wake womwe ku Chelstone, ndipo Lusaka yense ankazungulira ngati ng'ombe za pa chigayo, wopanda woyamba, wopanda womaliza. Ine ndinadzangolowetsedwa ndi gogo wina amene anandimvera chisoni pafupi ndi njanji.

Ndangoima chonchi, ndikumva hutala kumbuyo. Lole yaikulu yokutidwa ndi tenti, yochokera ku Heavy Industrial Area, ikufuna kudutsa kupita ku Kabulonga kukatsitsa katundu kuseri kwa mipanda, koma njira yatsekedwa ndi anthu. Woyendetsa anatulutsa mutu, ndipo anali Chanda. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, anaona mzere umene sanauonepo chibadwire, ndipo lamulo lija la mu Lusaka linamugwira. Anakhotetsa lole n'kuilowetsa mumzere patsogolo panga penipeni, anazimitsa injini, kenako ndiye anandipatsa moni wa kwawo n'kufunsa.

"Shani, mudala? Bagulisa chani?"

"Saladi," ndinatero ine.

"Saladi! Mwandi nachita mwayi. Ku nchito batipasa kabotolo kamozi chabe pa sabata. Unisungileko malo nikaenda ku chimbuzi, ka?"

Mukumva? Munthu anaima pa mzere wa saladi ndi lole yodzaza saladi kumsana kwake, ndipo sizinamudutse m'mutu ngakhale pang'ono, chifukwa kwa iye za m'lolemo zinali katundu wa kuntchito, pamene saladi ndi chinthu chimene munthu amachipeza pa mzere. Iwe wa magalasi ukufunsa ngati ine ndinadziwa. Ndinadziwa! Kungoti ndinkafuna kuona ngati makina anga adziwanso. Tinayenda limodzi ine ndi mdani wanga, iye kusuntha lole pang'onopang'ono, ine kumusungira malo, iye kundisungira anga, kugawana chimanga chootcha, aliyense osatchula dzina la Esinati.

Lachinayi linadutsa, Lachisanu linadutsa, ndevu zinamera, nsapato zinatha, mayi wina amene anali patsogolo pathu anachira pano pa Kaunda Square ndipo pofika pa thanki ya ku Chelstone mwanayo anali akuyenda yekha atanyamula botolo lakelake. Musandifunse za mwezi umene aNaphiri anandipatsa, mwezi sunathe, chifukwa mwezi wotsatira unali nawo pa mzere, unalephera kulowa mu tauni. Koma anthu anayamba kukwiya. Dzina langa linkayenda mumzere kuchokera pakamwa kupita pakamwa, linkandidutsa n'kupita kutsogolo, n'kudzandipezanso kuchokera kumbuyo litanenepa ndi matemberero. A tcheyamani a chipani anatuma anyamata awo kusaka Mwale wa makina amene waimitsa dziko ndi mphekesera. Malume anandipeza nditabisala kuseri kwa tayala la lole, nandinong'oneza kuti aNaphiri azungulira Lusaka kangapo konse, mapazi atupa, ndipo alumbira kuti akafikanso pakhomo la sitolo ija n'kupeza mashelefu okhaokha, ine ndisadzapondenso ku Kabwata ngakhale pamaliro. Apo ndiye ndinachita mantha, sindibisa. Sindinkaopa anyamata a tcheyamani, amenewo ndikanawamanga mfundo ndi dzanja limodzi. Ndinkaopa kudzakhala kumbuyo m'tchalitchi ndikuonerera Esinati akulowa ndi munthu wa thalauza losesa msewu.

Kenako tinafika. Lole ya Chanda inasendera, inasendera, mpaka inaima pakhomo penipeni pa sitolo. Manejala, amene masiku onsewo anadzitsekera m'kati atabisala pansi pa kauntala, anasuzumira pa kabowo ka kiyi, anaona lole ya fakitale yaima pakhomo pake, anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kukuwa, "Mwachedwa maningi, imwe! Tsitsani, tsitsani!" Anthu anakwera, anavundukula tenti, ndipo dzuwa litawala pa mabotolo aja Chelstone yense anasanduka wachikasu, akhungu awiri anaona, amayi anayamba nyimbo ya chiyamiko imene inayenda mumzere wonse kuzungulira mzinda n'kudzatipeza tisanamalize vesi loyamba. Chanda sanaone chilichonse, anali kalikiliki kukankhana kuti asalandidwe malo. Analowa woyamba, anagula botolo lake limodzi monga mwa lamulo, anatuluka akulipsompsona, anakwera m'lole, anayang'ana pa galasi n'kuona kumbuyo kuli mbee, ndipo kulira kumene analira kunaswa mawindo ku Chongwe.

Ine ndinali wachiwiri, ndinapeza botolo limodzi. Limodzi! Ukwati wonse ungakazinge chiyani ndi botolo limodzi? Ndinatuluka nalo, ndipo ndikutukula maso ndinaona bulauzi yoyera, kumbuyo kwake ina, kumbuyo kwake ina, chigwirizano chonse cha ku Kabwata chili mumzere anthu ochepa chabe kumbuyo kwanga, aNaphiri patsogolo. Ndinadziponya m'ngalande ija kachiwiri. Ndili m'menemo ndinamva mabotolo akugundana, amayi akutuluka mmodzimmodzi aliyense ndi lake, kenako mapazi otupa aja anaima m'mphepete mwa ngalande. Sanandiyang'ane, mwambo sulola. Anayankhula ndi mtengo umene unali pafupi.

"Mtengo iwe, ukamuuze mwana wa kwa Mwale kuti winayo amabweretsa kabotolo, koma iye waitana lole yonse ndi mapepala. Akauze ankhoswe ake abwere Loweruka. Ndipo atuluke m'matopemo, akudetsa malaya."

Ndinalira m'ngalandemo, anthu inu, ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Lolemba a Nyirenda anandiitana kutsogolo kwa kalasi, milomo ili nyezinyezi, nanena kuti pa sayansi ndalakwa koma pa saladi ndakhoza, n'kundipatsa satifiketi. Mukufuna kuiona? Ili m'nyumbamu, koma simuwerengapo kanthu, chifukwa anaisainira ndi manja amene anali atangodyera nkhuku yokazinga, pepala lonse linalowa mafuta mpaka linayamba kuonekera kuseri, ndipo zilembo zinatsetsereka usiku umodzi n'kugwera pansi pa kabati. Za ukwati ndiye musafunse. Mabotolo onse a chigwirizano anathiridwa mu mgolo umodzi, nkhuku zinkasambira chagada, zitumbuwa zinkadzitembenuza zokha, abusa pogwirana chanza ndi anthu dzanja linkangopulumuka, ndipo alendo potsanzika sanafune basi, ankangokhala pansi pakhomo la holo n'kutsetsereka mpaka kwawo, a ku Woodlands ku Woodlands, a ku Chelstone ku Chelstone, malume anga anapitirira mpaka ku Katete osaima.

Eya, ndi awo akutuluka m'khitchiniwo ndi mbale ya nyama, agogo ake a Taonga, Esinati mwini wake. Afunseni! Mayi, tauzani ana awa za saladi ya pa ukwati wathu.

"Saladi iti? Ana inu, musamamvere bambo awa. Chanda ndinamukana ndekha, anali ndi mkazi ku Matero ndi ana. Ndipo pa ukwati wathu nkhuku zinali zowiritsa."

Zowiritsa, inde! Ndakana ine? Zinali zowiritsa mu saladi! Sekani, sekani mpaka mutsamwe, koma mwamva ndi makutu anu kuti ukwati unachitika, ndipo mkazi ndi uyu waima apayu, wakalamba m'nyumba mwanga akunditsutsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikamuyang'ana mpaka lero ndimaiwala dzina la mudzi wathu. Tsono iwe wa magalasi, tsegula kalaputopu kakoko, kafunse ndi nzeru zake zonsezo, tione ngati kangakupezere ngakhale wokuwiritsira nkhuku.